Ubatizo wa Esitere watiimira panjira

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndachita manyazi, ana anga. Rauta ija ndinagula nditamva kuti intaneti ya m'nyumba yatsika mtengo, ndinkafuna ndidzaonerepo ubatizo wa mdzukulu wanga Esitere ku Lilongwe, amene anatenga dzina la malemu amayi anu.

Ndinaitana amayi a kwaya omwe malemuwo ankaimba nawo. Abwera atavala yunifolomu, ena wapansi kuchokera kuseri kwa phiri la Michesi. Grace atangoyamba kutionetsa mwana wakeyo pa foni, chithunzi chaima. Dzanja la abusa lili m'mwamba ndi madzi, osatsika. Tadikira mpaka mayi Muhiwa anena kuti, "Abambo, tiyeni tingoimba." Aimba nyimbo imene malemu ankaikonda, ine maso ali pansi.

Ndaimbira wogulitsa. Akuti bandulo yotchipayi mukaigwiritsa ntchito kwambiri imayamba kukwawa mpaka mwezi uthe. Kutchipa kwake n'komweko. Komabe sindimunena iye yekha. Aliyense wopempha pasiwedi ndinkangomupatsa, poti kuno wodzapala moto sitimumana.

Ndiye mundiuze, ndisinthe pasiwediyo? Nanga Lamlungu anebawa ndikawayang'ana bwanji kutchalitchi?