Kachipewa Kolukidwa pa Masipoko a Njinga

Ndikulemba nkhani iyi chifukwa amalume anga tawaika m'manda chaka chino, ndipo mwa akuluakulu amene anaona zimene ndifotokoze pano sipanatsale ndi mmodzi yemwe. Posanthula katundu wawo tinapeza, m'chitini cha zitsulo zakale, masipoko awiri a njinga, osongoka mbali imodzi, mbali inayo opindidwa ngati mbedza. Adzukulu ena anafuna kuwataya kudzala. Ndinawaletsa. Sindine munthu wosunga zinyalala, ndipo ana onse amene anadutsa m'kalasi mwanga angachitire umboni. Koma zitsulo zimenezo zinagwira ntchito, ndipo ntchito yabwino siyenera kuiwalika chifukwa chosowa woilemba.

Ndinali mu Sitandade 6. Sukulu zinali zitangotsegulidwa, chilimwe chili pachimake. Phiri la Chiradzulu linkabisika mu utsi wa moto wa tchire, nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, ndipo malata a kalasi yathu ankathetheka pamwamba pathu ngati chimanga chokazinga. Nthawi imeneyi ndi imene aphunzitsi a ntchito zamanja, mayi wamtali wosaseka chisawawa, analamula kuti mtsikana aliyense aluke kachipewa ndi timasokosi ta khanda. Mnzathu wina wolimba mtima anafunsa chifukwa cholukira zofunda dzuwa likuswa mtengo. "Wofuna kufunda mu Juni amaluka mu Okutobala," anatero aphunzitsi, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa tebulo pawo pankakhala dzaye louma, chipatso cholimba cha kutchire chija. Limenelo ndilo linali mutu wa khanda. Kachipewa kokana kulowa pa dzayelo, kapena kokhwepa, kankamasulidwa konse.

Singano zolukira zinkapezeka ku Limbe, ndipo kwathu kunalibe wopita ku Limbe kukagula zinthu zotere. Abambo ankagwira ntchito kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Amene anandithandiza ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza njinga pa Njuli m'kachisakasa ka udzu m'mbali mwa msewu. Anasolola masipoko awiri pa gudumu lakufa, nawanola ndi tupa, nawapukuta ndi mchenga mpaka kunyezimira. Kenaka anatulutsa juzi yawo yakale, yofiirira ngati dothi la katondo, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Inali itadyedwa m'zigongono. Tinaimasula tonse awiri, iwo atatambasula manja, ine ndikukulunga. Ulusi wake unatuluka wopotanapotana. Ndinauchapa, ndi kuukulunga pa botolo kuti uwongoke pouma.

Tsiku limenelo ndinathamangira kunyumba kukaonetsa amayi. Ndinawapeza pakhonde akusola nandolo, miyendo atatambasula, chifukwa anali oyembekezera ndipo mapazi awo ankatupa. Ndinawauza zimene tinkaluka. Sanatambasule dzanja. Anayang'ana m'lichero, nati: "Zimenezo m'nyumba muno ayi. Bwerera nazo kumene wazitenga."

Ndiyenera kufotokoza zimene mwana wa masiku ano sangadziwe. Kwathu khanda losabadwa silinkakonzeredwa chovala. Munthu sankalisokera, sankaligulira thewera, sankalitchula n'komwe. Ankati kutero n'kuitana maso oipa, kapena kudzitama pamaso pa Mulungu ndi chinthu chimene sanakupatse. Amayi anali Mkatolika wosajomba Misa, koma mwambo uwu ankausunga mwamphamvu kuposa akazi ena onse a m'mudzi mwathu, ndipo anali ndi chifukwa. Pambuyo pa ine anabereka ana awiri, ndipo onsewo anapita asanatuluke m'chikuta. Makanda otere amaikidwa ndi akazi okhaokha, popanda kulira maliro. Ine ndinkangokumbukira kuti kawiri konse amayi anabwerera kunyumba chitenje chili chopinda m'manja, kumbuyo kulibe kanthu. Lero ndine munthu wophunzira, ndipo sindikhulupirira kuti ulusi ungaphe mwana. Koma sindilola munthu aliyense, kaya ali ndi madigiri angati, kuseka mkazi amene anaika ana awiri osaloledwa kulira. Pa nthawiyo, komabe, ndinangoona kuti ntchito yanga yanyozedwa.

Amalume sanafunse zambiri nditabwerera ndi misozi. Anakhuthula chitini chimodzi cha mabawuti, nachipukuta, nachiyala nyuzipepala mkati. "Ofesi yanu ndi iyi, a Dona," anatero. Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkapita kuchisakasako, n'kukhala pa tayala lakale, n'kumaluka.

Amene sanalukepo m'chilimwe asandiuze kuti kuluka ndi ntchito ya alesi. Thukuta linkatsika m'manja n'kunyowetsa ulusi, ndipo ulusi wonyowa suyenda pa chitsulo, umalira ndi kukakamira. Ubweya unkandiyabwa pakati pa zala. Masipoko ankatentha ndikawaiwala padzuwa. Kamvuluvulu akadutsa pamsewu, fumbi linkalowa m'maso ndi m'ntchito momwe. Mizere yanga yoyamba inali yothina kwambiri moti sipoko linkakana kulowa, ndipo nsonga yake inandiboola chala cha mkombaphala mpaka panamera chikanga. Pamwamba pa zonsezi panali pakamwa pa anthu odikira njinga zawo.

"Achimwene, mwanayu mwamupezera ntchito kwa Azungu kodi?"

"Iwe mtsikana, ukamaliza ulukire dazi langali, likupsa!"

"Dazi lanulo lifuna juzi yathunthu," ankayankha amalume, maso ali pa tcheni. "Musiyeni mwana, ali pa ntchito. Inu mwagwira chiyani lero?"

Sindinkaseka nawo. Ndinkaona kuti munthu wa pa ntchito sayenera kuseka, ndipo maganizo amenewo sanandichokeretu.

Kachipewa koyamba kanakana kulowa pa dzaye. Aphunzitsi anakakoka uku ndi uku, nakandibwezera. "Masula." Kachiwiri kanalowa, koma pakati panali bowo pamene kamfundo kamodzi kanapulumuka pa sipoko ine osaona. Ndinayesa kulibisa ndi chala. Aphunzitsi anachotsa chala changacho, nalowetsa pensulo pabowopo pamaso pa kalasi yonse. "Mphepo siphonya bowo. Masula." Ndinawada sabata imeneyo. Ndakhala ndikuwayamika moyo wanga wonse.

Pa ulendo wachitatu manja anga anayamba kudziwa njira okha. Ndinaleka kuluma lilime. Ndinkatha kuluka uku ndikuyang'ana malole opita ku Zomba. Mphepete mwa kachipewako munatuluka mizere yoongoka, yotamuka ukaikoka ndi kubwerera ukaisiya, monga mmene aphunzitsi ankafunira. Amalume ankayeza kukula kwake ndi sipanala, n'kulengeza kwa aliyense wobwera kuti dzulo kanali pakamwa pa sipanala, lero kafika pachigwiriro. Atsikana anzanga amene anali ndi singano zenizeni anayamba kubwera kudzaona. Sindibisa, ndinanyada, ndipo ndikaganiza lero ndimaona kuti kunyadako kunali koyenera. Kasokosi kamodzi ndinakamaliza. Kachipewa kanatsala kutseka pamwamba pokha.

Kunyumba amayi sanafunse kanthu. Ankamva fungo la girizi m'zovala zanga, ankaona tiubweya tofiirira pa yunifolomu, koma mawu awo anali amodzimodzi: "Kasambe m'manja." Mimba yawo inkakula, iwo n'kumacheperachepera mawu. Ankapitabe kumunda kukagalauza m'mawa, dothi lili gwa ngati njerwa.

Tsiku lina la ntchito zamanja, tili pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'kalasi simunkakhalika, ndinaona amalume akubwera pa njinga, malaya atanyowa kumsana. Amalume sankatseka chisakasa chawo masana, ngakhale pa maliro a anthu akutali. Anavula chipewa, nalankhula ndi aphunzitsi motsitsa mawu. Ndinamva zidutswa chabe. Amayi anadwala kumunda. Anawatengera kuchipatala cha mishoni. Achira, mwana wamwamuna, koma wabwera masiku asanakwane, ndipo ndi wochepa kwambiri. Asisitere a kuchipatalako akuti khanda lotere limazizidwa ngakhale kunja kukutentha, ndipo kutentha kwa thupi lake kumathawira kumutu. Afunsa kachipewa. Azakhali, mlongo wawo wa abambo, amene ankadikirira amayi, ayankha kuti sitinakonze kanthu.

Aphunzitsi anandiitana, natenga ntchito yanga, naiyang'ana kunja ndi mkati. Ndinkaganiza kuti atseka okha pamwambapo, poti manja awo anali achangu. Anandibwezera. "Maliza wekha. Usathamange." Ndinakhala pansi, atsikana onse atandizungulira, amalume ataima padzuwa atagwira njinga. Palibe kamfundo kamene kanapulumuka. Nditamanga ulusi womaliza, aphunzitsi anatenga kachipewako, nakachapa ndi sopo wawo wa kunyumba kuchotsa thukuta ndi fumbi la pa Njuli, nakafinya m'kansalu koyera. Kenaka anakamangirira pa handulo ya njinga. "Pofika kumeneko kakhala katauma. Pita nawo amalume ako."

Dzuwa limene linandizunza nyengo yonseyo linagwira ntchito yake tsiku limenelo. Ndinakhala pa kaliyala, chitsulo chikundiotcha, ndikusuzumira pansi pa mkono wa amalume kuona kachipewa kanga kakuuluzika patsogolo. Amalume ankapalasa mwamphamvu. Pa zitunda ankatsika n'kumakankha njinga ine ndili pomwepo. Titafika kanali kouma, kofunda ngati kachotsedwa pamoto.

Ana ndi amuna sankaloledwa kulowa m'chipinda cha amayi ochira. Azakhali anatuluka, nalandira kachipewako ndi manja awiri, nalowa nako. Amalume anandizungulitsa kuseri kwa nyumbayo, nandikweza pa chishalo cha njinga kuti ndifike pa zenera. Munkatuluka fungo la mankhwala opukutira pansi. Ndinaona amayi atagona chammbali, nkhope ataloza kukhoma. Pafupi nawo panali asisitere, mayi wachikulire wa ku Mulanje, atanyamula kanthu kokulungidwa m'thaulo. Nditaona mutu wake ndinachita mantha. Unali wochepa kuposa dzaye la aphunzitsi, wofiira, mitsempha ikuonekera. Azakhali anandiuza patapita zaka kuti kufikira nthawi imeneyo amayi anali asanamuyang'anitsitse mwanayo. Ankamuyamwitsa akauzidwa, maso ali kwina.

Asisitere anamuveka. Kachipewako kanatsika mpaka pamphuno. Anakapinda m'mphepete, nakapindanso, mpaka timaso totseka tinaonekera. "Waluka ndani?" anafunsa. Azakhali analoza pa zenera. Asisitere anandiyang'ana, nagwedeza mutu. "Manja abwino. Mulibe bowo."

Pamenepo amayi anatembenuka. Anayang'ana ulusi wofiirirawo, umene anaudziwa bwino chifukwa juzi ija ankaichapa ndi iwo. Anatambasula dzanja, nakhudza mphepete mwa kachipewako ndi chala chimodzi, ndipo chalacho chinatsetserekera patsaya la mwanayo n'kukhala pomwepo. Ndinadikira kuti anditchule. Sananditchule, ndipo pa zenera sanayang'anepo.

"N'chachikulu," anatero. Azakhali anafunsa ngati ndikachepetse. Amayi anapukusa mutu. "Chisiyeni. Adzakuliramo."

Ndinatsika pa njingayo mtima utatupa. Njira yonse yobwerera ndinkadandaulira msana wa amalume kuti muyeso sunali wanga, unali wa aphunzitsi, ndipo palibe amene anandiuza kuti mwanayo adzakhala wochepa chotero. Amalume anangopitiriza kupalasa njinga. Ndinamva akufwenthera, ndipo ndinayesa kuti ndi fumbi.

Kasokosi kachiwiri ndinakalukira pakhonde la nyumba yathu, mvula yoyamba itagwa, ndipo palibe amene anandithamangitsa.

Kuti mbiri ikhale yolongosoka, ndilembe amene analipo kuchipatala masana aja. Panali amayi, pa bedi. Panali asisitere, amene dzina lawo sindinalidziwe. Panali azakhali. Panali akazi ena ochira pa mabedi oyandikana, amene anadzutsa mitu kuti aone. Kunja kunali amalume, atagwira njinga kuti ndisagwe. Panali khandalo, limene lero ndi bambo wa ana akeake, munthu wa mutu waukulu amene zipewa za m'sitolo zimamuthina. Ndipo panali ine, mtsikana wa Sitandade 6, nditakwiya chifukwa ndinamva kuti ntchito yanga ndi yaikulu muyeso. Sindinathe kudziwa kuti mkazi amene kwa miyezi yonse ija sanayerekeze kutchula mwana wake, anali atangonena pamaso pa anthu kuti mwanayo adzakula.