Mtengo Wotsiriza wa Mudzi Wawo

Sindikonda kutamanda munthu, koma za bambo okalamba amene amasamala maluwa kwa neba wanga ku Area 11 ndinenako pang'ono. Anabadwira pompano mzinda usanafike, pamene panali kamudzi kolima chimanga ndi mtedza. Mpaka lero satchula maina a misewu. Amati kudambo, kukhola, kumadimba, ngakhale konseko kuli mipanda ya njerwa tsopano. Ndikawafunsa za abale awo, amangoti, "Tinasamutsidwa tonse. Ine ndinabwerera ngati wantchito."

Chimene chinatsala cha mudziwo chinali mtengo wa mango umene mayi awo anabzala, pabwalo pomwe bambowa amagwirapo ntchito tsopano. Chaka chatha mwini nyumba anafuna malo oimikapo galimoto yachiwiri.

"Madala, mtengo uwu ugwe sabata ino. Ndiitane anthu a makina?"

"Ayi, bwana, mlendo asaukhudze. Ndidula ndekha."

Anaudula ndi nkhwangwa masiku atatu. Atamaliza anabwera kumpanda nandionetsa njere imodzi ya mango, youma.

Ndinati, "Mukaibzale, bambo."

Anaibwezera m'thumba la malaya.

"Ndikaibzale pamalo a yani, akulu?"