Sutikesi ya alamu anga m'buti

Achimwene anga akhala akugulitsa zida m'sitolo ya zitsulo kuyambira ine ndili pasukulu. Masipanala, mahamala, misomali, mabawuti, zonse zimadutsa m'manja mwawo kuchoka pashelefu kupita kwa wogula, ndipo penapake m'zaka zimenezi anadziuza okha kuti luso limalowa m'thupi kudzera m'zikhatho. Ndinawafunsapo kuti ngati zili choncho, bwanji wogulitsa mabokosi a maliro akadali moyo. Anandiyankha kuti ndilibe ulemu, zomwe ndi zoona, koma funso langa sanaliyankhe mpaka lero.

M'dera lathu lonse amadziwika kuti a Ndikonza. Dzinali analipeza ndi pakamwa pawo pomwe. Chinthu chikangolira molakwika m'nyumba, asanadziwe n'komwe kuti chalira n'chiyani, mawu amakhala atatuluka kale: ndikonza. Matendawa ndi akale. Ali mnyamata anamasula wotchi ya malemu bambo athu kuti aone chimene chimalira m'katimo, ndipo ataitsekanso anatsala ndi tizitsulo todzaza chikhatho, n'kunena kuti anthu a kufakitale anaikamo zambiri zosafunika. Wotchiyo sinayendenso.

Musandimve molakwa, si munthu woipa. Samwa, sayendayenda, ndipo amakonzera aliyense chilichonse mwaulere, n'chifukwa chake anthu oyandikana nafe wailesi ikawafera amaibisa kunsi kwa bedi. Ine ndimakhala kuseri kwa nyumba yawo, m'kachipinda kamene ndimalukiramo anthu tsitsi, choncho ntchito za manja awo ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mpopi wa kukhitchini umatsegulidwa ndi pulayazi. Chitseko cha firiji chimamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Kuchimbudzi umakoka waya, n'kudikira, n'kukokanso, ndipo ukapupuluma madzi amatulukira kumene sukuwafuna. Simbi imamenya shoko aliyense wosita osavala nsapato. Mlendo akabwera, tisanamufunse za kumene wachokera, timayamba tamuphunzitsa nyumba.

Pakati pa zonsezi panali alamu anga, akazi awo. Mayi wofatsa, wophikira ana pasukulu ya mkaka, wosakweza mawu ngakhale mphika utawawotcha. Zaka zonsezi ankasita atavala nsapato, osadandaula. Ine ndinkati mwina ndi mngelo, mwina sakumva bwino, koma ayi, ankangosunga mumtima.

Kenako achimwene anagula galimoto. Inali yakale, yotuwa, yotopa, ndipo anaikonda pa chifukwa chomwecho: inali ndi zambiri zoti akonze. Mawu oti makaniko analetsedwa pakhomopo. Ankati amakaniko ndi akuba ovala maovolosi, ndipo sabata yomweyo iwo anagula ovolosi. Loko wa buti atayamba kuvuta anamukonza ndi sipoko ya njinga. Mabuleki atayamba kulira anasintha okha mapadi, tizitsulo tija timene timakanikiza tayala kuti liime, n'kumasulanso mapaipi a mafuta a mabuleki amene sanawalakwire chilichonse.

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi galaja amadziwa kuti ukamasula mapaipi amenewo mumalowa mpweya, ndipo kuutulutsa kumafuna anthu awiri: wina akhale pampando azipopa chopondera, wina agone kunsi azimasula ndi kumanga kanati. Koma achimwene sapempha munthu chithandizo. Anatenga thabwa, n'kulipanikiza pakati pa mpando ndi chopondera, n'kunena kuti ubwino wa thabwa silitopa ndiponso siliyankha.

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabwera kudzacheza ndi khanda lake. Agogo awiriwo, mwa chimwemwe, anatenga khandalo pagalimoto kupita nalo kuchipatala kukalibayitsa katemera. Pobwerera, pamtsetse wa kuseri kwa msika, achimwene anaponda mabuleki ndipo chopondera chinangolowa pansi ngati aponda buledi. Galimoto inathamanga yokha, inaphonya pang'ono mayi wina wosenza dengu, n'kukaima mumulu wa mchenga wa anthu omanga nyumba. Palibe anavulala. Alamu anali atakumbatira khanda, maso atatseka. Achimwene anatuluka, n'kuthamangira kutsogolo, n'kugwada kuyang'ana bampala. Atadzuka anati, "Mwayi, sinapindike. Ndi kampweya chabe aka, ndikonza."

Mwana wawo anatenga khanda lake n'kuona msana wa njira mawa lake lomwe. Alamu anatseka pakamwa. Chakudya chinkafika patebulo, malaya ankasitidwa, koma mawu ayi. Ndinawatsina khutu achimwene kuti chete ameneyu si wabwino, apepese. Iwo anati mayi akunyumba ndi munthu wamantha, ziwathera zokha, ndipo analowanso kunsi kwa galimoto ndi thabwa lawo.

Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti alamu ankalongedza. Pang'onopang'ono, lero diresi, mawa nsapato, mkuja zithunzi za ana. Sutikesi anaibisa m'buti ya galimoto yomweyo, ndipo pamenepa panali nzeru, chifukwa mwamuna wawo ankangokhalira kunsi kwa galimotoyo, pamwamba sankayang'anapo.

Loweruka m'mawa, ndikuluka kasitomala woyamba, ndinawaona alamu atavala zapaulendo, kachikwama m'khwapa, akupotokola kiyi pa buti. Kiyi ankangozungulira osakola kanthu. Sipoko ya njinga ija inali itasiya ntchito. Anayesanso, anamenya ndi chikhatho, anaima kanthawi, kenako anawerama n'kulankhula ndi miyendo iwiri imene inatulukira kunsi kwa galimoto.

"Bambo, nditsegulireni buti."

Miyendo inasangalala kumva mawu. Achimwene anatuluka chokwawa akumwetulira, n'kufunsa kuti muli chiyani.

"Muli sutikesi yanga. Ndikupita kwa mwana wanga, ndipo sindikupita kukacheza."

Kasitomala ndinamuuza kuti abwerenso nthawi ina, ananyamuka akung'ung'udza mutu uli theka. Achimwene anangoti kakasi, sipanala m'manja, ndipo mawu awo a nthawi zonse aja sanatuluke. Atapeza mpweya anati galimoto ili pa jeke, sangaigwedeze kumbuyo chifukwa ingagwere munthu, ayambe amaliza mabuleki. Linali bodza, koma bodza labwino, ndipo ndinawanyadira.

Ndinawakokera kuseri kwa nyumba. Ndinawauza pang'onopang'ono, ngati ndikuuza mwana, kuti sutikesi ikakhala yotsekeredwa ndiye kuti banja lawo likadalipo. Loko asamukhudze. Anene kuti wawakanika.

"Wandikanika? Kaloko kameneka? Iwe, ukudziwa kuchuluka kwa maloko amene ndagulitsa ine?"

"Achimwene, mukufuna loko kapena mukufuna mkazi?"

Anaganiza nthawi yaitali kuposa mmene funsolo linkafunira, kenako anati mkazi.

Ndiye ine ndinachita mbali yanga. Ndinatenga thabwa lija n'kuliponya padenga, n'kulengeza kuti bondo langa latupa, sindingapope. Alamu anandiyang'ana. Ankadziwa bwino lomwe kuti bondo langa lilibe vuto, koma basi yawo inali yamasana ndipo sutikesi sikanatuluka mabuleki asanathe. Anatsegula chitseko n'kukhala pampando wa dalaivala, kachikwama pamiyendo, m'galimoto yomwe ija amati singagwedezedwe. Palibe anatchula zimenezo.

Ntchito imeneyi sungaigwire osalankhulana. Wa kunsi amati popani, wa pamwamba amapopa. Amati gwirani, wa pamwamba amapanikiza phazi n'kuyankha kuti ndagwira. Wa kunsi amamasula kanati, mafuta amatuluka ndi thovu kulowa m'botolo, amamanganso, n'kunena kuti siyani. Ukasiya msanga, mpweya umabwereramo. Anayamba ndi tayala lakumbuyo, mawu ali ouma ngati a anthu osadziwana. Pofika tayala lachiwiri anali atayamba kumvana. Thovu linkatuluka lambiri lochititsa manyazi, la nthawi yonse ya ulamuliro wa thabwa, mpaka alamu anafunsa ngati mwamuna wawo ankausunga mpweyawo kuti adzagulitse kusitolo. Achimwene anaseka kunsiko. Ine ndinakhala pachitini cha penti ndikupemphera ngati munthu wabwino.

Pa tayala lomaliza, la kutsogolo mbali ya dalaivala, achimwene anati gwirani, alamu anati ndagwira, koma kanati sikanamasulidwe. M'malo mwake kunsiko kunatuluka mawu otsika, olunjika kutayala.

"Tsiku lija, mayi, ndinathamangira kubampala chifukwa ndinkaopa kuyang'ana kumpando kwanu. Ndinkaganiza kuti ndakuphani nonse awiri."

Phazi la alamu linali likadali pachopondera. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti mwendo watopa, amange kanati kawoko. Ine ndinalira pang'ono, ndipo ndinanamizira fungo la mafuta.

Atamaliza, chopondera chinali cholimba gwa. Alamu anachiponda kangapo, anatuluka, anayang'ana mwamuna wawo amene nkhope yonse inali girisi yekhayekha.

"Za butizo, itanani makaniko Lolemba. Makaniko weniweni, wa kugalaja. Ine ndidikira."

Ngakhale chitsiru chikanamva chimene ankatanthauza. Sutikesiyo ikanatuluka Lolemba n'kubwerera kuchipinda. Alamu analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa ndinamva mpopi wa kukhitchini ukutsegulidwa, madzi a tiyi. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinawauza achimwene kuti abwezere matayala akasambe m'manja, ine ndinalowa kwanga kukamuimbira foni kasitomala uja kuti abwerere. Anandikalipira nthawi yaitali, poti anali atadutsa pamsika ndi mutu wotero.

Nditatuluka, matayala anali m'malo mwake, galimoto ili pansi, koma mpando wakumbuyo unali panja paudzu. Miyendo ija inali itasamuka. Tsopano inkatulukira pachitseko chakumbuyo, thupi lonse litalowa m'buti kudzera m'kati. Ndinagwira mwendo umodzi n'kukoka. Anandikankha ndi phazi linalo, akuti akungoyang'ana basi, kuti Lolemba makanikoyo asadzawanamize. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Ndikali kukoka, kunamveka kaphokoso kakuti khethe, buti inadzuka pang'onopang'ono, ndipo m'katimo munali sutikesi, pambali pake mutu wa achimwene anga, mano onse ali panja.

Alamu anali ataima pakhonde ndi thireyi ya makapu atatu. Nsapato zapaulendo anali atavula, kumapazi kuli masilipasi.

"Mayi, taonani! Kanali kawaya chabe kanagwa. Makaniko wachiyani pa kanthu kotere?"

Nkhope ya achimwene inkawala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. Sindikukhulupirira kuti anadziwa chimene anachita mpaka ataona thireyi ikuikidwa pansi mosamala, kapu ngakhale imodzi osagwedezeka.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, bambo," anatero alamu, n'kulowa kukavala nsapato.

Alamu anakwera galimoto yomweyo, achimwene akuyendetsa, poti alamuwo anati mabulekiwo awapopa okha, akuwakhulupirira. Ine ndinakhala kumbuyo pachitsulo chifukwa mpando unatsala paudzu. Pamtsetse galimoto inatsika mofatsa, padepoti inaima pamene inauzidwa kuima. Sindinayambe ndakwiyirapo chinthu choyenda bwino ngati mmene ndinaikwiyira galimoto imeneyo. Pa moyo wawo wonse achimwene anakonza zinthu ziwiri n'kukonzekadi, ndipo zonse anazikonza tsiku limenelo.

Ananyamula okha sutikesi mpaka pachitseko cha basi. Ankafuna kunena kanthu. Koma chala chawo chinapeza kuti chogwirira cha sutikesiyo chikugwedera, kabawuti kamodzi katamasuka, ndipo dzanja linalo linali litapisa kale m'thumba la ovolosi.

"Chogwirira ichi, mayi, nditangoti pang'ono..."

"Chisiyeni, bambo."

Anachisiya. Alamu anandigwira dzanja, anandiuza kuti ndizionetsetsa kuti achimwene anga akudya, n'kukwera osatembenuka. Achimwene anatsala ataima pomwepo, kasipanala m'manja, mpaka basi inakhota pakona. Ndinkafuna kuwanena mpaka makutu awo atawawa, mawu ndinali nawo okonzeka, koma chisoni chinandigwira ndipo ndinangowauza kuti tiyeni.

Tili m'njira, maso ali kutsogolo, anandifunsa ngati ndili ndi nambala ya makaniko aliyense. Ndinawafunsa kuti makanikoyo adzakonze chiyani.