Mlandu wa Kuseka pa 3 Malichi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapereka amayi anga ondibala m'manja mwa anyamata a chipani. Ndikunena mosabisa chonchi chifukwa kwa zaka zambiri ndakhala ndikuizemba nkhaniyi, ndipo kuizembako sikunandithandize kanthu.

Tinkakhala ku Nkope, komwe abambo ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Kwathu kwenikweni n'kumpoto, m'mbali mwa nyanja yomweyi. Masiku amenewo, pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira anthu amene anaphedwa pomenyera ufulu wathu, dziko lonse linkakhala ngati pasiwa. Asodzi sankaloledwa kukankha bwato, amayi kusinja, ana kusewera fulaye. Wailesi inkangoimba nyimbo zamaliro kuyambira m'mamawa. Anyamata a malaya ofiira ankayendayenda m'njira ndi zikoti, makutu ali tcheru, kusaka aliyense wooneka wosangalala. Kusukulu anatiuza kuti woseka pa tsikuli ndi mdani wa dziko, ndipo ine, pokhala mwana wa aphunzitsi, mawuwo ndinawameza osatafuna.

Chaka chimenecho kunabwera amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Awiriwa anali atatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana, ndipo anachita kupangana m'makalata kuti tsikuli liwapeze ali pamodzi. Mlongo wawo mmodzi yekhayo, amalume Yotamu, anali m'gulu la anthu amene anawomberedwa ndi asilikali a atsamunda ine ndisanabadwe. Dzina lawo ndinkalimva mwa apo ndi apo, koma nkhope yawo sindinaione ngakhale pachithunzi.

Tsikulo litafika tinatseka chitseko ndi mawindo, n'kukhala pamphasa. M'nyumba munkatentha, malata akuthetheka pamwamba pathu. Poyamba analira ndithu, atagwirana manja. Kenako amayi aang'ono anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kufunsa kuti, "Achemwali, mukukumbuka za nsapato zija?"

Amayi anagwira pakamwa. Nkhani yake inali yakuti amalume, ali mnyamata, anafuna kukafunsira mbeta kutsidya kwa mtsinje, koma analibe nsapato. Anatola mwakachetechete za mlaliki wa m'mudzi mwathu, zimene anaziyanika padzuwa atazipaka polishi. Zinali zazing'ono kwambiri, moti amalume ankayenda ngati bakha. Amayi aang'ono anaimirira n'kutionetsa kayendedweko kuchokera kukhomo mpaka kuchipupa, ndipo amayi anaseka mpaka kugona chammbali. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Ndinkangowadziwa ngati munthu wa mawu ochepa, wokonda kutsuka zinthu zotsukatsuka kale.

"Ndiye atafika kwawo kwa mtsikanayo," anapitiriza amayi aang'ono, "anapeza mwini nsapato ali khale pampando, akumwa thobwa, kuphazi kulibe kanthu!"

Apo m'pamene abambo, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana kukhomo thukuta lili kamukamu, anandikodola. "Elube, kakhale pansi pa mtengo wa mango. Ukaona munthu akubwera, utsokomole."

Ndinatuluka nditatupa ndi mkwiyo. Anandichotsa nkhani itafika pokoma, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa china chilichonse. Nditakhala pansi pa mtengowo, mkwiyo wanga unayamba kudzifunira zifukwa zooneka bwino. Kodi si abambo omwewa amene dzulo lake anatiuza m'kalasi kuti tsikuli si loseka? Nanga lero akundiika ulonda kuti anthu azilakwa bwino?

Posakhalitsa anatulukira Che Bwanali, mnyamata wa kudoko amene masiku ena onse ankatigulitsa usipa n'kumationjezera basela. Tsiku limenelo anali m'malaya ofiira, ali ndi anzake awiri. Ndinawaona akadali patali. Sindinatsokomole.

"Iwe mwana wa aticha, kwanuko kukumveka phokoso lanji?"

"Ndi amayi ndi amayi aang'ono. Akuseka."

Ndinayankha mokweza, monyadira, ngati ndikuyankha funso m'kalasi.

Chitseko anachita kuchiponda. Amayi ndi mng'ono wawo anawatulutsa opanda mipango kumutu, n'kuwayendetsa mpaka pabwalo la pafupi ndi msika, pomwe atcheyamani a nthambi ya chipani anakhala pamthunzi. Anawagwaditsa pamchenga dzuwa lili paliwombo. Amene anapondapo mchenga wa kunyanja masana akudziwa chimene ndikunena. Anthu anasonkhana, ena mwa iwo makolo a ana amene abambo ankawaphunzitsa, koma onse ankangoonerera. Abambo anaima chapambali chipewa chili m'manja, akupepesa ngati mwana woba shuga.

"Anthu anakhetsa mwazi kuti inu mukhale pa ufulu," anatero atcheyamani, "inu n'kumaseka chikhakhali?"

Amayi anadzutsa mutu. "Bambo tcheyamani, mmodzi mwa anthu amenewo ndi mlongo wathu. Ndinamubereka kumsana kwangaku. Timamukumbukira."

"Munthu akafera dziko salinso wa banja lanu, amayi. Ndi wa dziko. Kakumbukiridwe kake timakuuzani ndife."

Mawu amenewo amandiwiritsabe magazi mpaka lero. Che Bwanali, amene anaima pamwamba pa amayi ndi chikoti, anali akukwawa pamene amalume ankagwa ndi chipolopolo. Atcheyamani sanafunse n'komwe dzina la womwalirayo. Pabwalo lonselo, anthu awiri okha amene anaikadi m'bale wawo m'manda chifukwa cha ufuluwo ndi amene ankapsa mawondo, ndipo amene ankawaphunzitsa kulira anali anthu oti maso awo anali ouma gwa. Ngati pali chipongwe choposa chimenechi, ine sindinachionebe.

Anawamasula dzuwa litapendeka. Abambo anauzidwa kuti zikadzachitikanso, choko adzachiona m'maloto, ndipo tonse tinkadziwa kuti masiku amenewo kuchotsedwa ntchito kunali chilango chaching'ono. Anthu ankatengedwa osabwererako.

Kunyumba amayi sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anangondituma kukatereka madzi, ndipo ndinaima pakhomo ndikuwaona iwo ndi mng'ono wawo akuthowana mawondo otupa matuza. Amayi aang'ono anabwera kudzakhala masabata awiri, koma abambo anawapempha kuti anyamuke m'mawa mwake, poopa maso a anthu. Akukwera lole anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Usadandaule, mwanawe. Unanena zoona."

Anamwalira patatha zaka zitatu, asanaonanenso ndi amayi.

Kuyambira pamenepo, 3 Malichi aliyense tinkamusunga monga mwa lamulo. Amayi ankakhala pamphasa tsiku lonse, nkhope ili ndwii, ndipo anyamata a malaya ofiira ankadutsa pakhomo pathu ali okhutira. Dzina la amalume Yotamu silinatchulidwenso m'nyumba mwathu. Tsiku limene analikhazikitsa kuti anthu ngati iwo asaiwalike ndi lomwe linawachotsa pakamwa pa mlongo wawo.

Mlandu wanga ndimaudziwa ndipo sindiukana. Koma ndinali mwana, ndipo panali akuluakulu amene anakhala pansi n'kuona kuti n'chanzeru kuphunzitsa mwana kutchera khutu pakhomo la amayi ake. Amenewo sindinawakhululukire. Ndazindikira tsopano kuti chisoni chenicheni sichilamulidwa ndi chikoti, ndiponso kuti wakufa amakhalabe moyo pamene abale ake akumana n'kumamusimba, ngakhale akuseka. N'chifukwa chake tsikuli likafika ndimaitana ana anga, abale ndi anzanga, ndipo timasimba za anthu athu amene anatsogola, chitseko chili chotsegula. Sindilola kuti mlendo anyamuke nkhani isanathe.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, amayi atakalamba, ndinalimba mtima tsiku lina tikusankha mpunga pakhonde. Ndinati, "Amayi, nanga mlaliki uja anatani ataona nsapato zake kuphazi kwa amalume?"

Zala zawo zinaima mumpunga. Ndinaona kuti akuyesetsa ndithu kukumbukira.

"Imeneyo ankaidziwa bwino ndi mng'ono wanga," anatero. "Ine ndinkangothandiza kuseka."