Mikono ya Kabwato ka Atate

Chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa, atate anga anadwala matenda aja opha ziwalo. Anagwa m'mawa wina akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba yathu ku Dambwa, ndipo potuluka m'chipatala mwendo wakumanzere unali wongokoka. Manja anatsala onse awiri, kungoti lakumanzere linkachedwa. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndikusesa ndi kukolopa ku bwalo la ndege. Akulu anga anali atakwatiwa, ndiye pakhomo tinali atatu: atate, amayi ndi ine.

Atate anakulira kumtunda kwa Zambezi, kumene mwana amadziwa nkhafi asanadziwe pensulo. Zaka zonse zimene anali ku fakitale, Loweruka ankapita kumtsinje ndi mbedza zawo, n'kubwereka bwato kwa asodzi. Atadwala sanadandaulepo za ntchito, ngakhale za mwendo. Ankangokhala pansi pa mango, wailesi ili pantchafu, osayitsegula.

Mlamu wanga, mwamuna wa akulu anga, ankayendetsa lole ya kampani ina yonyamula alendo okasewera pamadzi kumunsi kwa mathithi. Tsiku lina anabwera ndi kabwato kachikasu kapulasitiki, kokwera munthu mmodzi, kamene azungu ankakatcha kayaki. Kanali kong'aluka pamphuno, choncho mabwana anati katayidwe. Iye ankaganiza kuti amayi azimwetseramo nkhuku. Atate anadzuka ndi ndodo yawo, anakazungulira kawiri, n'kulowetsa chala pamng'alupo.

"Aka kangayende," anatero. "Mng'alu uli pamwamba pa madzi."

"Imwe, mufuna kufera mu beseni?" anafunsa amayi.

Mlungu wonse atate anakhala akudula chigubu chakale, n'kumasungunula tizidutswa take pamng'alu ndi mpeni wotenthetsa pa mbaula. Loweruka mlamu anatinyamula pa lole, tinatuluka m'tauni ndi msewu wa ku Kazungula mpaka padoko lina la asodzi, pamene madzi amayenda mwaulesi kuseri kwa kachilumba. Tinawakhazika atate m'kabwato, madzi akutilekeza m'mawondo. Titangochotsa manja, kanapendekera kumanzere n'kugudubuka.

Mlamu anandifotokozera pambuyo pake kuti kabwato kotere munthu amakagwira ndi mawondo onse awiri, mkati. Atate anali ndi bondo limodzi lomvera. Tinawavuula ali matope mpaka m'makutu. Asodzi amene anali pamtunda, anthu owadziwa kuyambira kale, anayang'ana kumbali, aliyense n'kukhala ngati watanganidwa ndi ukonde wake. Pobwerera atate analankhula kamodzi kokha, titafika pachipata.

"Kapatseni nkhuku."

Ine sindinawamvere. Ndinakakokera kabwato kuseri kwa nyumba, ndinakavundikira, ndipo ndinauza amayi kuti nkhuku zipitirize kumwera m'mbale yawo yakale.

Panapita milungu ingapo ndisakudziwa chochita. Kenako tsiku lina ndikusesa pamalo odikirira ndege, ndinatola magazini imene mlendo wina anasiya pampando. Mkati munali chithunzi cha bwato lopyapyala kuposa lathu, la kunyanja za kutali. Pamwamba pake panapingasa mitengo, ndipo kumapeto kwa mitengoyo kunali chipika choyandama, ngati munthu watambasula mkono kuti asagwe. Ndinang'amba tsambalo, ndinalipinda, ndinaliika m'thumba la yunifomu.

Atate analiyang'ana nthawi yaitali, akulitalikitsa ndi maso.

"Bwato ya ndodo," anatero, "monga mwini wake." Anandibwezera pepala lija.

Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kuvomera kapena kukana, ndiye ndinasankha ndekha. Ndinapeza nsungwi yaitali, zigubu ziwiri za mafuta ophikira, ndi malegeni, timizere ta mphira todula ku chubu cha galimoto. Ndinamanga nsungwi mopingasa kutsogolo kwa mpando, chigubu uku chigubu uku. Atate anakana kupita nafe. Wokwera ndinali ine, munthu amene ndinali ndisanagwirepo nkhafi, wodziwa kusambira pang'ono chabe.

Kabwato sikanagudubuke, koma sikanayendenso. Ndikati ndipalase, nkhafi inkamenya nsungwi. Zigubu zinkakankha madzi ngati makasu, ndipo chimodzi chinayamba kumwa madzi pa chivundikiro mpaka ndinayamba kuzungulira pamalo amodzi. Ulendo uno asodzi sanayang'ane kumbali. Anaseka mpaka wina anakhala pansi.

"Ba sisi, iyi ni bwato kapena ni wilibala?"

Kunyumba ndinafika chitenje chikudontha. Atate anali pansi pa mango paja. Ndinafuna kuwadutsa, koma anandiitana.

"Mtengo unaika pati?"

"Kutsogolo kwa mpando, ba tate."

"Manje nkhafi izapita pati? Ika kumbuyo kwa msana. Na vigubu vija chotsa. Chinthu cha pamadzi chifunika kukhala chitali, choonda, monga nsomba. Chizingokhudza madzi, osati kumira."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Aka kanali koyamba chidwalireni kuti andiuze chinthu chimene sindinawafunse.

Ku msika wa Maramba kunali mdala wina wogulitsa zotsala za nyumba zogumulidwa: mafelemu, mipopi, maloko opanda makiyi. Kwa iyeyo ndinapeza mapaipi awiri apulasitiki, aakulu ngati ntchafu ya munthu, amene kale ankatulutsa madzi a kubafa. Ndinakwera nawo minibasi ya ku Dambwa atatulukira pawindo, kondakitala akung'ung'udza njira yonse. Kunyumba tinawatsuka ndi phulusa. Atate ankagwira mbali imodzi pamwamba pa mbaula, ine ndikutembenuza, mpaka pulasitiki itafewa. Kenako tinkapana kukamwa kwake ndi matabwa awiri, kukhotetsera m'mwamba pang'ono, n'kumata ndi phula. Paipi yoyamba tinaipsereza, inabooka. Tinadula pobookapo n'kuyambiranso, ndipo inzake tinaifupikitsa kuti zifanane.

Malegeni okha sakanagwira mitengo pa pulasitiki yoterera ija. Ndinabwerera ku Maramba kwa bambo wina wowotcherera zitsulo, Mtonga wosalankhulalankhula, ndinamuonetsa chojambula cha atate chimene ndinakopera papepala. Anafunsa funso limodzi.

"Okwera ni ndani?"

"Ni ba tate. Mwendo umodzi siugwira."

Anagwedeza mutu, anatenga choko, n'kuwonjezera kachitsulo kena pachojambulacho, kuti mtengo usamatembenuke. Anapanga zogwirira zinayi. Kuboola kabwato kunandiopsa kuposa zonse, chifukwa bowo ukaboola sulibweza. Ndinaboola ndi msomali wotentha, atate akuloza ndi ndodo pamalo pake, ndipo pa bawuti iliyonse tinaikapo kachidutswa ka chubu kuti madzi asalowe.

Kuyesa kwachiwiri kabwato kanayenda bwino, kowongoka. Ndinayamba kunyada. Kenako ndinakumbukira zimene atate anandiuza pochoka, kuti ndiweramire kumbali ngati ndikukoka nsomba yaikulu. Ndinawerama. Paipi inamira, kabwato kanaitsatira, ine ndinamwa madzi a Zambezi okwanira mlungu wonse. Mikono, mitengo yogwira mapaipi ija, inali yaifupi. Mlamu, amene anali atatopa kupempha lole kwa mabwana ake, anandiyang'ana ndikusanza madzi pamchenga.

"Mlamu, tisiye chabe. Ba tate bazakhala na ise ku nyumba, ni bwino so."

"Loweruka likubwerali mubwere," ndinatero. "Mukakana ndizakanyamula pamutu."

Anabwera. Tinali titasintha nsungwi n'kuika milongoti iwiri ya bulugamu, yowonda koma yaitali, mkono uliwonse kutalika ngati dzanja langa lotambasula ndi theka. Ndinawerama kumanzere, paipi inalowa pang'ono n'kundibweza. Ndinawerama kumanja, chimodzimodzi. Ndinaimirira m'kabwato n'kuyamba kukagwedeza dala. Msodzi uja wa wilibala anasiya ukonde wake, anabwera m'madzi, anakanikiza paipi imodzi ndi manja onse awiri. Ataona kuti kabwato sikakugudubuka, anaisiya n'kubwerera ku ukonde wake.

Otsala anali amayi. Anati atate sapita pokhapokha atavala jekete loyandamitsa, ndiponso kabwato kamangidwe chingwe chimene iwo eni adzagwire pamtunda. Jekete mlamu anabwereka kuntchito. Za chingwe atate anakana masiku atatu, akuti iwo si mbuzi. Amayi sanakweze mawu. Anangochotsa chingwe choyanikira zovala, anachikulunga, n'kuchiika pakhomo pamene atate ankadutsa. Tsiku lachinayi atate anachitola okha n'kuchiponya m'kabwato.

Tinafika padoko dzuwa lisanatenthe. Asodzi anati mvuu zili kuseri kwa chilumba, mbali yathu kulibe. Chovuta chinali kulowa. Ine ndi mlamu tinawanyamula atate m'khwapa, ndipo mwendo wodwala uja ndinachita kuupinda ndi manja anga n'kuulowetsa. Anthu ankaonerera. Atate anayang'ana kutsidya mpaka titamaliza. Ndinawapatsa nkhafi, tinachotsa manja.

Kabwato kanapendekera kumanzere, paipi inakhudza madzi, kanaima.

Atate anakhala kaye osapalasa, akugwedeza chiuno pang'onopang'ono kuti amve mmene kakuyankhira. Kenako anaviika nkhafi. Dzanja lamanja linali lamphamvu kuposa linzake, ndiye poyamba kankakhotera mbali imodzi, koma posakhalitsa anapeza muyeso wake: kamodzi kumanja, kawiri kumanzere. Chingwe chinkatuluka m'manja mwa amayi mpaka chinatha. Amayi analowa m'madzi ndi nsapato zawo, mpaka m'mawondo, mpaka chitenje chinanyowa. Atate sanacheuke. Amayi anayang'ana ine, kenako anatsegula dzanja. Msodzi uja anakankha bwato lake mwakachetechete n'kumatsatira atate chapatali.

Atate anakhala pamadzi mpaka dzuwa litafika pamutu. Kuyambira tsiku limenelo anapita kumtsinje pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka zitatu, kufikira dzanja lakumanzere litalekeratu kugwira. Kabwato tinkakasiya kwa asodzi, ife n'kumakwera minibasi. Koma tsiku loyambalo sanagwire nsomba ngakhale imodzi. Titawatulutsa n'kuwakhazika pamchenga, anapuma kaye, akupukuta nkhope ndi chipewa. Ndinkadikira kuti anene kanthu.

"Paipi ya kumanzere ikoka madzi," anatero. "Ifunika kukwera zala ziwiri."

Lolemba nditaweruka kuntchito ndinapita ku Maramba kukafuna mawashala, tizitsulo toika pa mabawuti kuti paipi ija ikwere.