Mbuzi za Agogo Zitavala Matewera

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Chapo, ndimamva fungo la ndowe za mbuzi zoyanikidwa pa lata lakale, dzuwa la ku Ngabu likuswa mtengo, njiwa zikulira mwaulesi kuseri kwa khola.

Chaka chimenecho mvula inakana, msipu wonse n'kupsa. Mbuzi zathu zinkadya nyemba za mtengo wa nsangu zimene tinkatola kudambo, mimba n'kufufuma ndithu, koma nthiti zili pamtunda. Agogo aakazi anataya mtima.

"Gulitsani zisanafe, bambo. Mavenda akudikira pamsika."

"Kudya zikudya," anayankha agogo aamuna. "Ndione kaye chimene chikukhalira m'thupi."

Anabwereka sikelo yoyezera thonje, napatula atonde awiri ofanana msinkhu, aliyense pachikhomo chake. Kenako anasoka timatumba ta saka n'kuwamangirira pansi pa mchira. Mudzi wonse unabwera kudzaseka. "Mbuzi za a Chapo zavala matewera!" Ine kusukulu ndinkayenda chowerama.

Agogo aamuna analibe nazo ntchito. Tonde wina ankamupatsa nyemba zathunthu, mnzake zosinja mumtondo, muyeso wofanana. M'mawa uliwonse ankayeza zotsala m'mbale, n'kukhuthula timatumba tija, kuyanika ndowe mpaka ziume gwa, kenako n'kuziika pasikelo. "Zaziwisi osayeza," ankatero. "Madzi amanama."

Patapita masiku, anaitana agogo aakazi kuti adzaone okha. Ndowe za tonde wodya zathunthu zinakoka sikelo mwamphamvu, ndipo atazifikisa m'manja, njere zinatuluka zosaphwanyika, zili phuliphuli monga zinalowera. Za wodya zosinja zinali zopepuka, zosalala. Agogo aakazi anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulukira m'Chisena cha kwawo.

"Pyadidi! Zabwino izi! Ana inu, bweretsani minsi!"

Kuyambira tsikulo tinasinja nsangu mpaka manja kutuluka matuza, fumbi lake lotsekemera likutikereketa kukhosi. Palibe mbuzi inafa, palibe inapita kwa mavenda. Mvula itabwera, khola lathu linali mee, mee, tiana tikudumphadumpha, ndipo oseka aja mitondo yawo inkamveka mpaka kumsewu. Agogo aamuna anavala jekete lawo la kutchalitchi, nayendetsa gulu lonse pakati pa mudzi, akupereka moni khomo ndi khomo.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza zakudya za ziweto. Munthu akandibweretsera chakudya chokongola m'maso, nachitama mpaka thovu kukamwa, ndimamumvetsera mwaulemu. Koma sindivomera ndisanakafunse mbuzi.