Mayi a Loko wa Manambala

Mayi amene tinayandikana nyumba ku Luwinga sadziwa kugonja. Amachititsa lendi zipinda kwa ana a ku yunivesite, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Kiyi ali ndi miyendo, abale."

Atazindikira kuti wina amene anasamuka kalekale akulowabe kudzatapa makala, anaitana kalipentala kuti asinthe maloko onse. Pachitseko chachikulu anaikitsa loko wopanda kiyi, wongodina manambala.

Tsono mayiwa manambala amawathawa m'mutu, koma nyimbo saiwala. Anasankha nambala ya nyimbo yawo yapamtima ya m'buku la kutchalitchi, ndipo akamadina ankaiyimba mokweza, mpaka ife kuno kuvomera.

Lachitatu lina anapeza a Winifred, mnzawo wa kwaya, atakhala phee pasofa.

"Amama, mwalowa bwanji?"

"Monire kaye! Kunjaku mvula. Nanga nambala ya nyimbo ija ndani saidziwa?"

Mukuganiza kuti anachotsa lokoyo? Ayi ndithu. "Yewo chomene," anathokoza a Winifred m'Chitumbuka, n'kutsegula buku lija kufunafuna nyimbo yomwe ngakhale abusa sanaiyimbitsepo.

Masiku ano amadina ataluma milomo. Phazi lokha ndilo limayimba.